Ng'oma Yopanda Woimba

Pa Mvera, pakhonde la sitolo ina yomwe inatsekedwa kalekale, Nedson ankakonza mawailesi. Palibe amene anamuphunzitsa. Sukulu anaisiyira Sitandade 8 chaka chimene bambo ake anamwalira, ndipo wailesi yoyamba kuitsegula inali ya malemuwo. Anaiphwasula yonse, n'kuibwezera, ikulankhula. Kuyambira tsiku limenelo ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse, ukachitsegula n'kuonetsa anthu zam'kati mwake, mkangano umatha.

Chinali chaka cha 1996. Anthu anali atayamba kulankhula mokweza m'mabasi, ndipo makaseti ochokera ku Joni ankalowa m'matumba a madalaivala a mathiraki popanda wofunsa. Anali makaseti ojambulidwa kuchokera pa anzawo, opanda chithunzi, opanda dzina la woimba. M'kati mwake munali nyimbo zimene kumeneko amazitcha hausi: ng'oma imodzi yolemera yogunda ngati mtima, tizitsulo tolira pamwamba pake, nthawi zina mawu a mkazi obwereza chinthu chimodzi. Nedson akakonza wailesi ya dalaivala ankapempha kaseti kuti ajambuleko. Popeza nyimbozo zinalibe mayina, ankazitcha yekha, ndipo Lolemba lililonse ankalemba ndi choko pa chitseko chakale chimene anachiimika pakhondepo:

ZATSOPANO ZOYENERA KUMVA
Kaseti yofiira, mbali B, yachiwiri: Mvula pa Malata. Imayamba ngati sikufuna. Dikirani.
Yobiriwira yonse: yabwino popalasa njinga, povina ayi.
Yoyera, yachinayi: mayi akuimba mawu atatu okha koma akukwana. Amene sanaimve asabwere kudzatsutsana nane.

Otsutsana naye ankabwerabe. Ogulitsa mbatata ankati nyimbo yopanda mawu ndi phokoso la chigayo. Nedson ankawayankha kuti chigayo sichinamuvinitsepo munthu, ndipo akaonjezera kunyoza ankakweza wailesi mpaka mbale za pamsika zinjenjemere.

Chaka chomwecho mlongo wake wamng'ono, Abigail, anapeza banja. Mwamuna anali Timothy, mphunzitsi wochokera kumapiri a ku Ntchisi, munthu wofatsa woti ntchentche ikatera pamphuno amaipempha kuti ichoke. Ukwati unali woti ukadalitsidwe kutchalitchi cha kumudzi kwawo, kumtunda kwa Mvera, ndipo madyerero achitikire pabwalo la amayi awo. Operekeza akwati anali khumi ndi awiri, anyamata ndi atsikana, ndipo monga mwa masiku onse ankayenera kuphunzira masitepe olowera pabwalo. Masitepe amafuna nyimbo imodzi, yomweyomweyo kuyambira tsiku loyamba kuphunzira mpaka tsiku la ukwati, apo ayi miyendo imasokonezeka.

Abigail anatsikira pa Mvera Lachisanu lina n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

"Achimwene, mundisankhire nyimbo. Koma osati zija zomwe aliyense amalowera. Pa ukwati wa mnzanga Ester analowera nyimbo yomwe analowera amayi ake."

"Wabwera pa malo ake," anatero Nedson, akupukuta manja. Anatulutsa makaseti atatu m'chitini cha mabisiketi. "Iyi ndi yokoma koma ndi yothamanga, atsikana ako agwa ndi nsapato zazitali zija. Iyi ili ndi mwamuna amene akubuula pakati, amayi atithamangitsa. Koma iyi, Abi. Tamvera iyi."

Anazunguliza tepi ndi bolopeni mpaka pamene ankafuna, n'kuiika. Poyamba panalira tizitsulo tokha, ngati madontho oyamba. Kenaka ng'oma inalowa pansi pake, ina yaing'ono n'kumayankha pamwamba. Patapita nthawi zonse zinaduka, kunangoti zii, ng'oma yaikulu ija n'kubwerera ndi mphamvu.

"Pamene yadukapo," anatero Nedson, "operekeza onse aime, apatuke mbali ziwiri. Ikamabwerera, ndi pamene iwe ndi Timothy muzitulukira."

Abigail anagwira pakamwa, akuseka. "Timothy adzatha? Uja amavina ngati akupima munda."

"Timuphunzitsa. Ngakhale ng'ombe imaphunzira goli."

Masabata atatu, masana alionse dzuwa likapendeka, Nedson ankamangirira batire ya galimoto ndi masipika awiri panjinga n'kukankha chitunda chonse mpaka kumudzi. Operekeza ankavina pabwalo mpaka fumbi kufika m'mano. Amayi awo ankati nyimboyo imawapweteketsa mutu, koma Nedson anawaona kangapo akupeta chimanga motsata ng'omayo. Kutchalitchi ukwati unali utalengezedwa kawiri. Kunatsala kulengeza kachitatu, kenaka Loweruka lotsatira kudalitsa.

Lachitatu la sabata imeneyo kunabwera a Solomoni, amalume ake a Timothy, amenenso anali nkhoswe ya kuchimuna ndiponso mkulu wa mpingo kwawo. Anabwera kudzakambirana zotsala ndi a Mose, amalume ake a Nedson ndi Abigail, nkhoswe ya kuchikazi. Anafika nyimbo ili pakati. Anaima pampata wa mpanda, chipewa kumanja, osalowa.

"Zimitsani chimenecho," anatero.

Nedson anachepetsa. "Takulandirani, bambo. Tikuphunzira masitepe."

"Ndati zimitsani. Pakhomo pa Akhristu, masana dzuwa likuswa mtengo, ana obatizidwa akuvina gule?"

Kumeneko mawu amenewo si ocheza. Mapiri amenewo ali ndi matchalitchi ndiponso ali ndi madambwe, kumene a gule wamkulu amasonkhana, ndipo Mkhristu akapezeka akuvina ng'oma ya kudambwe amamuletsa Mgonero. Mkwati woletsedwa Mgonero ukwati wake sudalitsidwa. A Solomoni ananena poyera kuti akauza abusa lisanafike Lamulungu. Abigail anakhala pansi pomwe anaimapo. A Mose anapempha kuti nkhaniyo ikambidwe mawa lake, mbali zonse zilipo, isanapite kwa abusa.

M'mawa mwake anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa. Akuchimuna anabwera asanu, Timothy ali pakati pawo atazyolika. Nedson anaika wailesi pa mtondo wovundikira, n'kupempha wotchi ya a Mose.

"Amalume, ine ndilibe mawu ambiri. Ng'oma iyi palibe munthu akuiimba. Ndi makina a ku Joni. Ndikuonetsani. Ine ndiyang'ana wotchi, inu muwerenge kugunda kwa ng'oma yaikuluyo mphindi imodzi."

A Mose anawerenga, akugogoda chala pabondo. Zinakwana 124. Nedson anathamangitsa tepi mpaka pakati. A Mose anawerenganso: 124. Anaithamangitsa mpaka kumapeto, ndipo ulendo uno anawerenga ndi azakhali ake a Timothy, mokweza, kuti pasakhale chinyengo. Zinakwana chimodzimodzi.

"Tsopano ndiuzeni," anatero Nedson. "Ndi mwamuna uti kuno, ngakhale wamphamvu bwanji, angaimbe ng'oma mphindi zisanu ndi ziwiri osafulumira, osatsalira, osapukuta thukuta? Dzanja limatopa. Ichi sichitopa chifukwa si dzanja. Amene anapanga nyimboyi sanaonepo Dowa, sadziwa n'komwe kuti kuli dambwe."

Pamphasa panamveka kung'ung'udza kovomereza. Azakhali aja anati, "Komadi, chikungogunda ngati injini ya chigayo," anthu n'kuseka. Ngakhale Timothy anadzutsa mutu.

A Solomoni sanaseke. "Bwezerani pakati paja."

Nedson anabwezera.

"Makina kapena si makina, khutu langa silinama. Iyo yaing'ono ikulira pamwambayo ndi mbalule, ng'oma yoitana. Imvani mmene ikudulira. Ndipo apa, pamene zonse zaima apa, ndi pamene chilombo chimatembenuka n'kuwaza fumbi. Mwana angakane, koma ine ndikudziwa chimene ndikumva."

Akulankhula choncho, Nedson anayang'ana pansi. Phazi lamanja la a Solomoni, m'nsapato yawo yakutchalitchi, linali likukumba dothi: chidendene, chala, chidendene, kukokera kumbuyo. Mwini wake sankadziwa. A Mose analiona n'kuyang'ana kumwamba kwa mango. Amayi awiri pamphasa analiona n'kukonza mipango yawo.

A Mose anatsokomola. Anali munthu wodziwa kutseka milandu. "Abale, ndikuona kuti tamvana. Mwanayu watisonyeza kuti ndi makina, ndiye kwa abusa kulibe chokanena. A Solomoni nawo atichenjeza kuti khutu la munthu wina lingamve zina pa tsikulo. Ndiye tingosintha nyimbo, nkhani ithere pompano. Si choncho, a Solomoni?"

A Solomoni anagwedeza mutu. "Ikasinthidwa, ine ndilibe mawu."

Nkhani inali itatha. Abigail anapumira m'mwamba. Amayi anayamba kudzuka kuti akatenge thobwa. Chimene chinatsala n'chakuti Nedson azimitse wailesi n'kunena kuti zikomo.

"Amalume, ndifunse. Ndalakwa kapena sindinalakwe?"

"Palibe walakwa. Khala pansi."

"Ngati sindinalakwe, nyimbo ikusinthidwiranji? Anthu avina masabata atatu. Dzulo anatinena pamaso pa mudzi wonse kuti tikuvina gule. Lero taonetsa kuti si zoona. Amene ananena zabodzayo sakupepesa, koma ife ndi amene tikusintha?"

"Nedson," anatero amayi ake, motsitsa.

"Ayi amayi. Masiku ano ndi a demokalase, munthu amafunsa." Anatembenukira kwa a Solomoni. "Ine kudambwe sindinapondeko, bambo. Mbalule sindiidziwa. Inu mwaidziwa bwanji? Nanga phazi lanulo, sitepe imene limapondayo linaiphunzira kutchalitchi chiti?"

Panalibe pabwalopo munthu wamkulu amene sankadziwa kuti a Solomoni, asanabatizidwe, anali wa kudambwe, ndiponso kuti anali mmodzi wa ovina otchuka kumapiri kwawo. Zaka makumi atatu anthu anazisunga m'kamwa, monga mmene amasungira za munthu aliyense amene anatembenuka. Zoterozo sizinenedwa, makamaka ndi mwana, makamaka kwa nkhoswe, pamaso pa akazi.

A Solomoni anayang'ana phazi lawo. Analibweza pansi pa mpando pang'onopang'ono. Kenaka anavala chipewa n'kuimirira, akuchimuna onse n'kuimirira nawo. Timothy anatsalira pang'ono, akuyang'ana Abigail, koma azakhali ake anamukoka dzanja. Thobwa linafika alendo atapita.

Popanda nkhoswe ya kuchimuna palibe ukwati. Abusa sangalengeze kachitatu, sangadalitse. Aliyense ankadziwa zimenezo, ndipo palibe anavutika kumuuza Nedson. Amayi ake analowa m'nyumba. A Mose anangoti, "Wotchi yanga," n'kuilandira osamuyang'ana. Nedson anatsala ndi Abigail.

"Abi, iwe unaona. Phazi lija unaliona."

"Ndinaliona."

"Ndiye ndanama chiyani?"

"Simunaname, achimwene. Inu simunama. Mwawina. Ndiye ndikwatiwa ndi kuwina kwanuko?" Sanalire. Anatola mphasa n'kuyamba kuipinda. "Nyimbo ija ndinaikonda kuposa inu. Ndinali wokonzeka kuisiya. Inali ya ukwati wanga, si wanu."

Loweruka m'mamawa Nedson ndi a Mose ananyamuka panjinga kupita ku Ntchisi, tambala woyera atamumanga miyendo pakeriyala. Ulendo wonse a Mose analankhula kamodzi kokha, pokankha chitunda china.

"Ukafika ugwade. Akalankhula uziti inde. Ukamva mawu akukwera kukhosi, uwameze."

"Mbuzi ikagunda galu zimakoma, amalume. Galu akaluma mbuzi ndiye mlandu."

"Eya. Ndipo lero galu ndiwe."

Anawapeza a Solomoni kudimba, akuthirira nazale ya fodya pamodzi ndi akazi awo. Sanawatengere kunyumba. Nedson anagwada pamzere wonyowa, matope akulowa m'thalauza, tambala ali m'manja. A Mose analankhula mawu onse oyenera: mwana ndi mwana, pakamwa pathamanga, tabwera kudzagwira mwendo. Kenaka anamugunda Nedson ndi bondo.

"Ndinalakwa, bambo. Mundikhululukire."

"Unalakwa chiyani?"

Nedson anameza. "Ndinakunyozani pagulu."

"Nanga ng'oma ija?"

Apa mawu anakweradi kukhosi. Ng'oma ija inali makina dzulo, inali makina lero, idzakhala makina mpaka dziko lidzathe. M'maganizo anaona nkhope ya Abigail akupinda mphasa.

"Inali yosayenera, bambo."

A Solomoni anaika pansi kheni yothirira ija. Anayang'ana mbande za fodya. "Iwe ukuganiza kuti ndine wopusa. Ndikudziwa kuti ndi makina, ndinawerenga nawo mumtima. Koma ine chinthu chimenecho ndinachithawa ndili ndi zaka ngati zakozo. Abale anga anandikana, nyumba yanga yoyamba anaigwetsa. Ndiye ndibwere pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga, ndikhale kutsogolo, anthu azindiyang'ana miyendo?" Anapukusa mutu. "Kaseti ija wabwera nayo?"

Inali m'thumba la malaya. Nedson anali asanaijambule pa ina. Makaseti opanda kanthu anali atamuthera, ndipo dalaivala amene anabwera nayo anali atasiya kudutsa msewu umenewo.

"Isolole."

Anakola tepi ndi chikhadabo n'kuyamba kukoka. Inkatuluka ikunyezimira, mikono ndi mikono, n'kumaunjikana pamatope. Mbali A, mbali B, zonse ndi tepi imodzi. Itatha, akazi a a Solomoni anawerama n'kuitola.

"Imeneyi musataye," anatero. "Ndiyabwino kuopsezera nkhuku." Pomwepo anayamba kuikulunga pa timitengo tozungulira nazale, mphepo n'kumaiwalitsa.

A Solomoni analandira tambala. Anati ukwati upitirira, ndipo mawa akauza abusa kuti alengeze kachitatu. Koma anaika lamulo limodzi: Nedson asaoneke, kutchalitchi ngakhale kumadyerero. Anati sangakhale pabwalo limodzi ndi mwana amene anawavula pagulu, anthu n'kumanong'onezana.

A Mose anakanda kumutu. "Tamva. Koma pali kanthu kena. Masipika ndi batire ndi zake. Kumudzi kulibe wina ali nazo."

"Zipangizo sizinanditukwane," anatero a Solomoni, akutolanso kheni. "Zibwere."

Tsiku la ukwati Nedson anakankha njinga chitunda chija anthu onse ali kutchalitchi. Pabwalo panali amayi ophika okha, amene anamuyankha moni osadzutsa mitu. Anapachika sipika imodzi pa mango, ina pa nkhokwe. Analumikiza mawaya, n'kuwakwirira ndi dothi kuti ana asapunthwe. Nyimbo yatsopano inasankhidwa ndi komiti: kaseti ya kwaya ina, nyimbo yodekha yothokoza Mulungu. Operekeza anali ataiyesera masiku atatu okha. Nedson anaimvera kamodzi, n'kupeza kuti tepi yake ikukoka. Anatsegula wailesi, anapukuta ndi thonje kachitsulo kowerenga tepi, anasintha kalamba kotha, mpaka mawu a kwaya anamveka oyera. Ankafuna kuisiya ikukoka. Manja ake anakana.

A Mose anatsogola kuchoka kutchalitchi, jekete ili paphewa, kudzaona ngati zonse zili bwino.

"Wadalitsidwa," anatero. "Asayina. Akubwera."

"Mukanikize apa, amalume. Ikatha, apa. Ichi musachigwire."

"Apa, kenaka apa." A Mose anaima pang'ono. "Abigail anati ndikusungire mpunga ndi nyama. Ndikutumizira pa Mvera."

"Mumuuze kuti ndadya kale."

Kumunsi kwa njira kunayamba kumveka nyimbo za amayi operekeza. Nedson anatulutsa njinga yopanda katundu kuseri kwa khola, n'kudzera kanjira ka m'munda kuti asakumane nawo. Atafika pamwala wina pamwamba pa mtsinje anaima. Kuchokera pamenepo bwalo linkaoneka lonse, anthu ang'onoang'ono ngati nyerere, madiresi apinki asanu ndi limodzi osakanikirana ndi malaya oyera.

Kwaya inayamba. Masipika ake ankamveka bwino mpaka kutsidya. Anaona mizere iwiri ya operekeza ikulowa, miyendo ikuthamangira ng'oma imene kunalibe, ena akuima kudikira anzawo, mtsikana wina akugundana ndi mnyamata wa kutsogolo kwake. Anamva anthu akuseka, kuseka kwabwino kwa pa ukwati. Kenaka chovala choyera chinatulukira pampata, nthungululu n'kuphulika mudzi wonse.

Anakhala pamwalapo mpaka Abigail atafika pampando wake. Kutsogolo, pa mipando ya ankhoswe, munthu wa chipewa anaimirira n'kumugwira chanza mkwati, anthu n'kuwomba m'manja. Nedson analavula, anakwera njinga, n'kutsetsereka chitunda osagwira mabuleki.